Ndinasambitsa Mwana wa Nkhosa

Sikola ndinalekeza mu kwarta, kalasi yachinayi, koma matenda owerenga sanandileke mpaka lero. Chilichonse chokhala ndi malemba ndimaima n'kuchiwerenga: thumba la adubu wothira m'munda, pepala lokulungira usipa, kalendala wa chaka chatha, ngakhale mawu a kumbuyo kwa shapa, minibasi ya kwathu kuno, imene yangondisiya kumene pamsewu. Alamu anga, achimwene awo a akazi anga, ananditcha dotolo sabata yomwe ndinalowa m'mudzi mwawo. M'malo mokwiya, ine ndinkamva kukoma mumtima.

Kabuku ka ziweto ndinakapeza pamsika wa Ulongwe. Mayi wina wogulitsa mtedza wokazinga ankang'amba masamba ake n'kumakulungira mtedzawo. Ndinakapulumutsa katatha kale pafupifupi theka, kopanda chikuto, kopanda chiyambi, m'kati muli mipata ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Kanali ka Chipwitikizi. Kankanena za mbuzi, za nkhosa, ndi za chinyama china cha khosi lalitali chotchedwa lyama, chimene amaweta anthu a kumapiri, kutsidya kwa nyanja yamchere. Nditaona kuti kumeneko n'kozizira ngati kwathu kuno, ndinagamula ndekha kuti kabukuko analembera ife. Ndinawauza alamu kuti lyama amalondera nkhosa, galu akayandikira amamulavulira kumaso.

"Ndiye tigule mmodzi, dotolo," anatero alamu. "Kapena inuyo, khosi muli nalo kale, malovu muli nawo. Tingokumangirani kukhola."

Ndine mkamwini. Ndinakwatira m'mudzi wina kuseri kwa Fonte Boa, ndipo munda, nkhokwe, khola ndi zonse za m'kholamo n'za akuchikazi. Changa chenicheni pakhomopo chinali njinga ndi kabuku kaja. Mbuzi zinalipo zokwanira ndithu, m'khola la m'mwamba lomanga pamitengo kuti ndowe zizigwera pansi. Koma nkhosa inali imodzi yokha, yokalamba, yamchira wonona, mano atatha. Inkagona m'kakhola kake kapansi, pafupi ndi kanyumba kophikira ka apongozi anga aakazi.

Nkhosayo inali yotsala ya malemu apongozi aamuna. Iwo anali ndi gulu lonse, loti anthu ankalidziwa mpaka ku Domwe. Atamwalira, zina anazipha pamaliro, zina zinafa ndi matenda a dzinja, zina zinabedwa, mpaka kutsala iyi. Ogula anabwera kangapo, apongozi aakazi anawabweza onse. Iwo ankafuna chinthu chimodzi chokha: iswe kamwana kakakazi isanafe, kuti mtundu wa nkhosa za amuna awo usathere m'manja mwawo. Zaka ziwiri inangokhala. Chaka chachitatu, mvula ili pakati, ndinaikoka ndekha pachingwe theka la tsiku kupita kwa mkulu wina wa kufupi ndi tchalitchi amene anali ndi yamphongo, ndipo inatenga bere. Aliyense pakhomo ankadziwa kuti limeneli ndi lomaliza.

Ine ndi apongozi aakaziwo tinali tisanayankhulanepo. Sikuti tinayambana. Ndi ulemu wake: mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sayang'anana kumaso, sayankhulana, sakhala mphasa imodzi. Mabanja ena masiku ano anazisiya, mpaka amanyamulana panjinga popita ku Misa, koma apongozi anga ndi akale. Tikakumana panjira ya kudimba, iwo ankapatukira kumanzere n'kugwada, kuyang'ana kutchire, ine kumanja, kulowa m'chisoso mpaka m'mawondo. Zaka zitatu ndinkafika kunyumba buluku lili chisoso chokhachokha. Mawu onse ankadzera mwa akazi anga. Apongozi akafuna kuti ndikonze denga, ankauza mwana wawo, mwana wawo n'kundiuza ine, ine ndili pompo ndikumva zonse.

Nyengo yoswa kwathu ndi ya chisanu, chimanga titakolola, ziweto zitamasulidwa kukadya mapesi m'minda. Mbuzi sizifunsa munthu. Umangodzuka m'mawa, udzu wa kudambo uli mbuu, n'kumva timawu tatsopano m'khola. Chaka chimenecho zinaswa zinayi m'sabata imodzi, ina mapasa. Ntchito yanga inali kutsitsa tiana m'mawa kuti tisagwe pamakwerero, n'kutitsekera m'kampanda amayi awo akamapita kukadya. Ntchito imeneyi ndinkaigwira bwino kwambiri, chifukwa masamba onena za mbuzi ndi amene anapita ndi mtedza.

Lachiwiri lina akazi anga ndi alamu ananyamuka kukagulitsa kachewere ku Domwe, ulendo wogona masiku awiri. Mwana wathu anali akadali wa kumsana, anapita ndi amayi ake. Atafika kale pa njira, akazi anga anabwereranso pakhomo.

"Bambo, nkhosa ija mawere adzaza. Ikaswa ife kulibe, musachite kanthu."

"Kanthu ngati chiyani?"

"Kanthu kalikonse. Muziyang'ana basi. Manja m'thumba."

"Mayi, mukuyankhula ndi munthu woti anawerenga."

"N'chifukwa chake ndabwerera," anatero, n'kumapita.

Inaswa Lachitatu m'mawa, dzuwa litangotuluka paphiri. Apongozi anali atapita kudimba kukathirira mpiru. Ndinaima pakhola, manja ali m'thumba ndithu monga ndinalamulidwira. Nkhosa inagona, inadzuka, inazungulira, inagonanso. Kenako kamwana kanatuluka, miyendo yakutsogolo ndi mphuno poyamba, ndendende momwe chithunzi cha m'kabuku chinkaonetsera. Ndinanyadira ngati ndine ndinaiphunzitsa. Ndinasuzumira bwinobwino. Kakakazi.

Koma kanali konyansa. Kachikasu, koterera, kodzola zinyalala, kakunjenjemera. Mayi wake, ndi ukalamba uja, anangogona n'kumapuma wefuwefu, osatembenuka msanga. M'kabuku mwanga, chithunzi chotsatira chinali cha kamwana koyera mbee, kataima pa udzu wouma, pamwamba pake pali mutu wonena za ukhondo. Pakati pa zithunzi ziwirizi panali masamba angapo amene anapita ndi mtedza. Ndinaganiza kuti kamwana sikangayere chonchi kokha, payenera kuti pali amene anakasamala. Zimene zinali pamasamba osowawo ndinazilemba ndekha m'mutu.

Manja anatuluka m'thumba.

Ndinafunditsa madzi. Ndinatenga beseni losambitsira mwana wathu, ndi sabawu wonunkhira wa akazi anga, uja ankasungira Lamulungu lokha m'kachitini pansi pa bedi. Ndinakasambitsa kawiri, thovu lili nyenjenyenje, kuseri kwa makutu, pansi pa mchira. Ndinakapukuta, ndinakakulunga m'malaya anga ofunda, n'kukaika padzuwa kuseri kwa nkhokwe kuti kaume bwino. Kenako ndinakasesa m'khola, kuchotsa udzu wonse wonyowa, kuyala wouma. Zotsalira zija zimatuluka pambuyo pa mwana ndinazitola ndi khasu n'kukazikwirira pansi pa mtengo wa pichesi, mozama, kuopa agalu. Ntchito yonseyi inanditengera mwina maola awiri. Nkhosa inkalira nthawi yonseyi, ine n'kumaiuza kuti ipirire, idzandithokoza.

Nditabweza kamwana, koyera kuposa ka m'chithunzi, nkhosa inathamangira. Inakanunkhiza kumutu, inakanunkhiza kumchira, inayetsemula. Inabwerera m'mbuyo pang'ono, inaweramitsa mutu n'kukagunda, kamwana chagada pakona ya khola. Itatero inapita pakhomo la khola n'kuyambiranso kulira, kuitana mwana wake uja ndinamutenga m'mawa.

Ndinakadzutsa, ndinakakankhira kumawere. Inakagundanso. Ndinayesa kuigwira, koma nkhalamba yopanda mano ija inali ndi mphamvu za ng'ombe yapangolo. Ndikagwira mutu, manja ogwirira kamwana palibe. Ndikagwira kamwana, nkhosa yathawa. Ndinaimangirira pamtengo, inaponya miyendo kenako n'kungokhala pansi, mawere atabisika. Ndinakapereka kwa mbuzi imene inaswa dzana lake, inandiyang'ana ngati ndaitukwana. Ndinatsegula kabuku. Pambuyo pa ukhondo panabwera lyama.

Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Kamwana kanali kasanalawe ndi dontho lomwe. Ngakhale ine ndinkadziwa, osati za m'buku, kuti kakapanda kuyamwa mkaka woyamba tsiku lobadwa sikachedwa kufa, makamaka mwezi wa chisanu. Kulira kwake kunachepa. Nditapisa chala m'kamwa mwake, munali mozizira. Nyumba zathu zili padera kumapeto kwa mudzi, ndipo amuna ambiri anali atapita ndi kachewere limodzi ndi alamu. Komanso, kunena zoona, wodziwa nkhosa m'mudzi monsemo anali mmodzi yekha, ndipo anali atangofika kumene kuchokera kudimba, ndowa pamutu.

Ndinawaona akutula ndowa, akumvetsera kulira kwa nkhosa, akuponya maso kukhola. Anaona kuti ndili komweko, ndiye sakanatha kubwera. Anakhala pakhonde pawo, msana kukhola, n'kuyamba kusadzula ndiwo. Inenso sindikanatha kupita kwa iwo. Pakati pathu panali mapazi makumi awiri ndi ulemu wa zaka zitatu, ndipo kamwana kankafa mwaulemu womwewo.

Sindinganame kuti ndinaganiza mwanzeru. Ndi mantha amene ananditsegula pakamwa. Ndinayang'ana nkhosa n'kunena mokweza, mokwana kumveka pakhonde:

"Iwe nkhosa iwe! Waswa kamwana kakakazi kabwinobwino, tsono ukukakana bwanji? Kuyambira m'mawa sikanayamwe. Ine nzeru zandithera."

Kenako ndinamva mapazi. Ndinatembenukira kukhoma la nkhokwe msangamsanga. Anadutsa kumbuyo kwanga, anazungulira khola, anakagwada mbali inayo, nkhope kuyang'ana kuphiri. Ndinamva akunyamula kamwana. Ndinamva akununkhiza.

"Nkhosa iwe," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumva mawu awo pafupi chonchi, "mwana wakoyu akupita ku Misa ya nthawi yanji?"

Nkhosa inati mee.

"Nkhosa," ndinatero ine, maso ali pansi, "anangomusambitsa pang'ono. Anali ndi litsiro."

"Litsiro limenelo, nkhosa, si ndilo umamudziwira? Ukananyambita wekha, bwenzi pano akuyamwa. Tsono womusambitsayo bwanji osangomuyamwitsa yekha?"

"Alibe mawere, nkhosa."

Ndinamva kaphokoso ngati munthu watsamwa ndi madzi. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuseka.

"Ufunse, nkhosa, zija unatulutsa pambuyo zili kuti. Agalu adya?"

"Zinakwiriridwa, nkhosa. Pansi pa pichesi."

"Mozama?"

"Mozama ndithu."

"Anthu akhama," anatero apongozi. "Zikafukulidwe."

Ndinakafukula. Ndinabwera nazo zili pakhasu, zodzaza dothi, khasulo nditalitambasulira kutali ndi thupi langa.

"Apake mwanayo, nkhosa. Pamsana, pamutu, pansi pa mchira. Ndi manja, osati ndi khasu."

Ndinapaka ndi manja. Ntchito yanga yokongola ya maola awiri inatha m'kanthawi kochepa, ndipo kamwana kanabwerera konyansa kuposa momwe kanabadwira. Apongozi analamulanso, kudzera mwa nkhosa, kuti ndikame timadontho ta mkaka n'kudzoza kamwana pamutu, kenako nditenge mchere n'kuwaza pamsana. Anandiponyera kampukutu ka mchere chakumbuyo, osatembenuka, ndipo kanagwera pamapazi anga penipeni. Tinakasiya kamwana pakati pa khola. Nkhosa inabwera, inanunkhiza nthawi yaitali, inayamba kunyambita. Mtima wanga unati phwii. Inanyambita mchere wonse, mpaka m'khosi, kenako inabwerera m'mbuyo n'kukagunda.

"Sunapusitsike, nkhosa," anatero apongozi. "Chabwino. Koma mwanayu ayamwa lero, ufune usafune."

Apa ndi pamene panavuta. Ntchitoyi inkafuna anthu awiri, m'kakhola koti munthu mmodzi amalowa chowerama. Aliyense anayang'ana kwake. Mthunzi wa nkhokwe unali utafika kale pakhola, ndipo kamphepo kamadzulo kanali katayamba kuluma.

"Nkhosa," anatero pomaliza, "ine ndigwira mutu wako, ndiziyang'ana kuphiri. Ngati pali wina wofuna kugwira mwana, aziyang'ana pansi."

Anakokera chitenje kumutu n'kuphimba tsaya la mbali yanga. Analowa, anapana khosi la nkhosa m'khwapa, bondo panthiti, n'kuikanikizira kukhoma. Nyama imene inandigwetsa ine katatu inangoima duu. Ndinalowa chokwawa, maso pa ndowe. Ndinafinya bere, mkaka unatuluka wokhuthala, wachikasu. Ndinakatsegula kukamwa kamwana ndi chala n'kulowetsa nsonga ya bere. Poyamba sikanachite kanthu, mkaka unkangotsika m'mbali mwa kamwa. Ndinakasisita pakhosi. Kanameza kamodzi. Kanamezanso. Kenako kamchira kanayamba kugwedezeka.

"Nkhosa, akuyamwa?"

"Akuyamwa, nkhosa."

"Kamimba?"

"Kakutupa."

"Asasiye."

Kanagona m'dengu, pafupi ndi phulusa lofunda m'kanyumba kophikira ka apongozi. M'bandakucha tinali kale m'khola, iwo kuphiri, ine pansi. Tinabwerezanso dzuwa litakwera, masana, ndi chakumadzulo. Anaifotokozera nkhosa kuti mkaka wake ukadutsa m'mimba mwa mwanayo masiku angapo, fungo la pansi pa mchira lidzakhala lake, ndipo mwina idzamukumbukira. Mwina. Anati amuna awo anataya ana a nkhosa awiri mwa njira imeneyi, atawagwira alendo, ndipo anapulumutsa mmodzi yekha.

Munthu sungapane khosi la nkhosa kanayi patsiku uli chete. Lachinayi masana, kamwana kakuyamwa, ndinamva:

"Nkhosa, akuti kunja kuli nyama yolavulira agalu. N'zoona?"

Ndinatsala pang'ono kutukula mutu. Nkhani ya lyama ndinawauza alamu chaka chathunthu m'mbuyomo, tili kuseri kwa nyumba.

"N'zoona, nkhosa. Khosi lake ndi lotalika chonchi, ubweya wake amalukira zofunda."

"Nyama yake amadya?"

"Masamba amenewo kulibe, nkhosa."

"Mmm. Masamba ambiri kulibe."

Nkhosa inauzidwanso zina tsiku limenelo. Inauzidwa kuti mizere ya kachewere ya anthu ena imakhota ngati njoka, koma chaka chino yawongokako. Inauzidwa kuti malemu ankaimba mluzu potsegula khola, ndipo gulu lonse linkawatsata mpaka kudambo popanda chikwapu. Ine ndinaiuza kuti kwathu kumene ndinabadwira kunalibe nkhosa, tinkaweta nkhunda. Inayankhidwa kuti zikuoneka.

Akazi anga ndi alamu anafika Lachinayi lomwelo dzuwa lili pafupi kulowa, matumba opanda kanthu atakulungidwa panjinga. Anatipeza tili m'khola tonse awiri. Alamu anaima, anayang'ana amayi awo, anayang'ana ine, anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu.

"Ndapita masiku awiri okha, ndapeza dziko latembenuka. Dotolo, mukutani m'khwapa mwa apongozi anu?"

Ndinafotokoza ndili chogwada, mwachidule momwe ndikanathera. Alamu anagwira mtengo wa khola kuti asagwe.

"Ndi sabawu? Mafuta munakadzoza? Mano munakatsuka? Mlongo, tamva, amuna ako abatiza nkhosa!"

Akazi anga sanaseke. Analowa m'nyumba, ndinamva kachitini kakutsegulidwa, anatulukanso.

"Bambo, manja ndinati akhale kuti?"

"M'thumba."

"Thumba linabooka?"

Anayang'ana kamwana, anayang'ana amayi awo atafunda chitenje kumaso, n'kunena kuti nditulukemo agwire iwo, zinthu zibwerere m'malo mwake. Ndinali nditayamba kale kubwerera chafutambuyo.

"Ayi," anatero apongozi, kuuza mwana wawo. "Wasambitsa ndi amene amalize."

Lachisanu m'mawa nkhosa inkagundabe, ngakhale mofooka, ngati ikungokwaniritsa mwambo. Kamwana kanali kakuima bwino tsopano, koma sikanali kopulumuka. Mwana wa nkhosa wokanidwa sangapite kubusa, sadziwa womutsata, ndipo anthu awiri sangakhalire kupana khosi miyezi itatu, chimanga chikudikira kusola. Dzanja la apongozi linali litatupa pachigongono, ankalibisa m'chitenje. Titatha kuyamwitsa kachiwiri, sanatuluke msanga m'khola.

"Nkhosa, iwe wakhuta mtendere. Ukusowa mdani. Pabwere galu."

Apa ndiye ndinali ndi mawu, chifukwa tsamba lonena za agalu linalipo lathunthu.

"Nkhosa, m'kabuku akuti galu asayandikire konse pamene..."

"Kabuku kameneko, nkhosa, kanaswapo kangati?"

Alamu anapita kukatenga galu wawo wosakira mbira, wowonda, wa makutu ong'ambika, woti ntchito yake yeniyeni inali kuba mazira. Anabwera naye pachingwe. Tinatuluka m'khola, tinasiya nkhosa ndi kamwana ali okha, osamanga. Apongozi anaima mbali ina ya chitseko, ine mbali inayi, akazi anga kumbuyo ndi mwana kumsana. Alamu anamasula chingwe pang'ono. Galu anamva fungo la kamwana, anasuzumitsa mphuno pakati pa mitengo ya khola.

Nkhosa inatukula mutu. Inaponda pansi ndi mwendo wakutsogolo, di! Inapondanso, di! Galu anapitiriza kununkhiza, malovu ali chuchuchu. Kamwana kanalira, kanadzandira kulowera kwa galu komweko, popeza kanali kasanadziwe kuti mdani ndi ndani padziko pano. Nkhosa inalumpha, inadutsa pamwamba pa kamwana n'kukagunda mtengo umene panali mphuno ya galu, khola lonse linagwedezeka. Galu anati kwee, n'kukabisala kumbuyo kwa alamu.

"Lyama uyo, dotolo!" anakuwa alamu. "Tinali naye kale!"

Nkhosa inaima pakati pa galu ndi kamwana, ikupuma mwamphamvu. Kenako inatembenuka, inaika mphuno pansi pa mchira wa kamwana n'kununkhiza, n'kununkhizabe. Inatulutsa mawu ena apansipansi, a m'khosi, amene ndinali ndisanaimvepo ikulira. Kamwana kanazungulira, kanapeza bere, kanagwada. Nkhosa inatanyula miyendo n'kuima. Panalibe wogwira mutu, panalibe wofinya. Kamchira kokha kakugwedezeka.

"Mwaona, bambo! Mwaona! Yakalola!"

Dzanja linandigwira pamkono, kundigwedeza. Ndinatembenuka. Chitenje chinali chitagwera paphewa, ndipo apongozi anga ankandiyang'ana m'maso mwenimweni. Zaka zitatu ndikudya za m'munda mwawo, nkhope yawo ndinkaidziwa chammbali ndi chakutali. Anali ndi mphini ziwiri zazing'ono patsaya, ndi maso a akazi anga enieni, atanyowa.

Tinazindikira nthawi imodzi. Dzanja linachoka ngati lagwira mphika wotentha. Iwo anatembenukira kuphiri, ine pansi.

"Ndimanena iwe, nkhosa," anatero apongozi, akukonza chitenje.

"Yamva," ndinatero ine.

Nkhosa yokalambayo inayamwitsa mwana wake mpaka kumuletsa yokha, ndipo inafa dzinja lotsatira. Kamwana kaja kanakula, kanaswa, ana ake aswanso. Kakhola kapansi tinakakulitsa kawiri, ndipo zonse zili m'menemo lero ndi mtundu wa nkhosa za malemu. Alamu amazitcha zidzukulu za dotolo, amati n'chifukwa chake zimayera kuposa za anthu ena.

Ine ndi apongozi sitiyankhulana mpaka pano. Tikakumana panjira ya kudimba timapatukabe, chisoso sichinathe. Koma akazi anga ntchito yopereka mauthenga inawathera. Denga likadontha, kapena chitseko cha nkhokwe chikaguluka, apongozi amapita pakhola nthawi imene ndikutsegulira ziweto, n'kudandaulira nkhosa imene ili pafupi. Nthawi zina sipakhala ngakhale denga. Amangoifunsa kuti anthu owerenga awerenga zotani sabata ino, ndipo nkhosayo imamva zambiri.

Kabuku kaja ndikadali nako. Mwezi wa chisanu ukayandikira, kachitini ka sabawu kamasowa pansi pa bedi, sindidziwa kumene akazi anga amakabisa. Chaka chino, m'mawa wina udzu uli mbuu, ndinapeza apongozi ataima pakhola, akuyang'ana yaikazi ina imene mawere anali atadzaza.

"Nkhosa iwe, masiku ako akwana," anatero. "Uwauze anthu ena kuti madzi asafunditse."

"Amva, nkhosa," ndinatero.

Manja anali kale m'thumba.